Jamón yodya tsiku ndi tsiku: werengani miyezi ndi mtengo wa kilogalamu

M'masitolo a Mercadona kapena Carrefour ku Spain, ngakhalenso mu Lidl, Aldi ndi Tesco ku Britain, muli shelefu ya nyama ya nkhumba yofiira yochekedwa mopyapyala, yolembedwa kuti jamón. Mapaketi ake amaoneka ofanana, koma ina ndi ya mtengo wa buledi, ina ndi yoti ndalama yake mutha kugulira ndiwo za sabata yonse. Chimene chimasiyanitsa ndi mtundu wa nkhumba, chakudya chimene inkadya, ndi miyezi imene mwendowo unakhala uli chipachikire. Kwa munthu amene akufuna yoika m'buledi wa ana akusukulu kapena yokometsera mazira m'mawa, miyeziyo ndiyo yofunika kuposa zina ziwirizo, ndipo ndi imene ambiri saiyang'ana.

Jamón ndi mwendo wakumbuyo wa nkhumba umene suphikidwa, komanso mitundu yake iwiri yodziwika, serrano ndi ibérico, saiwamba pa utsi. Umapsa ndi mchere, mphepo ndi nthawi basi. Akapha nkhumba amaufinya mwendowo kuti magazi otsalira m'mitsempha atuluke, kenako amaukwirira mu mchere m'chipinda chozizira madigiri 0 mpaka 4, pafupifupi tsiku limodzi pa kilogalamu iliyonse. Mwendo wa makilogalamu 11 umakhala mumcheremo masiku 11 kapena cha pamenepo. Akautsuka amaupachika m'chipinda china chozizira kwa masiku osachepera 40, kuti mchere umene uli pamwamba ulowerere mpaka pafupa. Zikatero amayamba kukweza kutentha pang'onopang'ono, kuchokera pa madigiri 6 mpaka cha m'ma 30, ndipo madzi amachoka, mafuta n'kumasungunukira m'mnofu. Pofika pogulitsa, mwendowo umakhala utataya gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake, nthawi zina kuposa apo.

Kukoma kwenikweni kumabwera m'miyezi yakumapeto, pamene mapuloteni ndi mafuta a mumnofu amaphwanyika okha pang'onopang'ono n'kutulutsa fungo lija lokhala ngati la mtedza wokazinga. Fakitale ikafupikitsa miyezi imeneyi imapindula pawiri: malo opachikapo amapezeka msanga, komanso nyama imakhala yolemera chifukwa idakali ndi madzi. Wogula ndi amene amaluza. Amapeza nyama yotuwa, yofewa, yomata m'mano, imene imangomveka mchere ndi kafungo ka nyama yaiwisi. Vuto lina limabwera akaumitsa mothamanga: kunja kumachita chikhakha cholimba chimene chimatsekera madzi mkati, ndiye chidutswa chimodzi chomwecho chimakhala chouma chakuda m'mphepete, chofewa phalaphala pakati.

Musanapite patali, onetsetsani kuti simunatole jamón cocido, imene ena amaitcha jamón de York. Imeneyo ndi hamu yophika, yotuwa, yonyowa, ndipo ndi chinthu china. Imene tikukambayi imalembedwa curado, serrano kapena ibérico.

Serrano imachokera ku nkhumba zoyera zoweta m'khola, monga Landrace ndi Large White, kawirikawiri zosakaniza ndi mitundu ina ngati Duroc. Dzinali linalembetsedwa ku European Union mu 1999 pansi pa chizindikiro cha ETG, cha zakudya zokonzedwa mwachikhalidwe, chozungulira, cha buluu ndi chikasu. Kuti nyama itchedwe jamón serrano iyenera kukhala itakonzedwa masiku osachepera 210, imene ndi miyezi 7. Paketi ikangolembedwa jamón curado popanda mawu oti serrano, ndiye kuti wopangayo sakulonjeza zimenezi. Nthawi zina imakhala yabwino ndithu, koma umboni wake muyenera kuupeza pa miyezi imene alemba. Dziwaninso kuti ETG imateteza kakonzedwe, osati kumene nkhumba inachokera, choncho mawu oti serrano paokha satanthauza kuti nkhumbayo inakulira ku Spain.

Miyezi 7 ndi yochepa. Ndi malire a lamulo chabe, osati pamene nyama yafika pokoma. N'chifukwa chake pali mawu atatu amene lamulo la ku Spain la 2014 linawapatsa miyezi yake. Bodega ndi miyezi yosachepera 9, Reserva ndi 12, Gran Reserva ndi 15. Pa shelefu yonseyo, mawu atatuwa ndi amene angakuthandizeni kuposa ena onse. Mawu ena okometsera malonda, monga selección, extra, artesano kapena premium, alibe miyezi imene akulonjeza. Ngati palibe Bodega, Reserva kapena Gran Reserva, fufuzani nambala ya miyezi yolembedwa pafupi ndi mawu oti meses de curación. Amene anadikira miyezi 14 sabisa, amalemba ndi zilembo zikuluzikulu kutsogolo. Amene sanalembe chilichonse, muganizireni kuti ali cha ku miyezi 7 komweko.

Langizo langa ndi loti ya tsiku ndi tsiku muzigula Reserva, ndipo Gran Reserva muzitola ikatsika mtengo. Kusiyana kwa miyezi 7 ndi 12 lilime lililonse limakumva, pomwe mtengo wake sumasiyana kwambiri. Kuchokera pa 15 kupita m'mwamba nyama imakomabe, koma ndalama zimakwera mofulumira kuposa kukomako, ndipo mukaiika m'buledi ndi tomato kusiyanako kumabisika. Kunja kwa Spain mutha kuonanso chidindo cha Consorcio del Jamón Serrano Español, bungwe la opanga limene linakhazikitsidwa mu 1990. Mwendo wa chidindo chimenechi umakhala wa miyezi yosachepera 12, ndiye ndi njira yachidule yodziwira kuti muli pa mlingo wa Reserva.

Mawu oti Duroc pa paketi ndi oyenera kuwalabadira. Nkhumba imeneyi ndi yofiirira, inachokera ku America, ndipo imasunga mafuta mkati mwa mnofu m'malo mongowaunjika pansi pa chikopa. Nyama yake imakhala ndi timizere toyera, siuma gwa, ndipo mchere sumveka kwambiri chifukwa mafuta amauphimba. Muone ngati alemba 50% kapena 100% Duroc. Jamón de Teruel, yochokera ku Aragón, ili m'gulu lomweli: bambo wa nkhumba zake amakhala Duroc, imaumitsidwa kumapiri opitirira mamita 800, ndipo imakhala miyezi yosachepera 14. Inali jamón yoyamba ku Spain kulandira dzina lotetezedwa la dera, mu 1984, ndipo pa chikopa cha mwendo wathunthu pamakhala nyenyezi ya nsonga 8 yowotchedwa ndi moto. Ya ku Trevélez, kumapiri a Granada, imaumitsidwa pamwamba kuposa mamita 1,200 ndipo imathiridwa mchere wa m'nyanja wokhawokha. Ziwirizi n'zokwera pang'ono kuposa serrano wamba, koma zikadali kutali ndi mtengo wa ibérico yabwino.

Pa ibérico ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama. Nkhumba ya mtunduwu, imene kawirikawiri imakhala yakuda, ndi ya kumwera ndi kumadzulo kwa Spain, ndipo mbiri yake inafala chifukwa cha zimene zimadya bellota, zipatso za mitengo ya oak yotchedwa encina ndi alcornoque, m'madambo a mitengo otchedwa dehesa. Kudyetsa kumeneko kumachitika m'nyengo yozizira ya kumeneko, kuyambira October. Lamulo limafuna kuti nkhumba ikhale kutchireko masiku opitirira 60 ndi kunenepa makilogalamu osachepera 46 ndi zipatsozo ndi msipu. Koma ibérico yochuluka imene ili m'masitolo sinalaweko bellota. Lamulo la January 2014 linagawa nyamayi m'magulu anayi, ndipo mwendo uliwonse umamangidwa kachingwe ka pulasitiki pafupi ndi chiboda. Kakuda ndi ka bellota, nkhumba ya 100% ibérico, ndipo ndi yokhayi imene ingatchedwe pata negra. Kofiira ndi ka bellota koma nkhumba yosakaniza, 75% kapena 50%. Kobiriwira ndi ka cebo de campo, yodya chakudya chogula cha ziweto koma yokhala panja. Koyera ndi ka cebo, yonenepetsedwa m'khola ndi chakudya cha tirigu, chimanga ndi mbewu za mtundu wa nyemba.

Pa paketi ya yochekacheka palibe chiboda choti muone, ndiye werengani dzina lonse. Lidzati, mwachitsanzo, jamón de cebo ibérico, 50% raza ibérica, kutanthauza kuti mayi anali ibérico, bambo Duroc, ndipo inakulira m'khola. Payeneranso kukhala dzina la bungwe limene linaitsimikizira, pambuyo pa mawu oti certificado por. Zithunzi za bellota ndi dehesa lamulo linazisungira ya bellota yokha. Cebo si nyama yoipa ayi. Mwendo wake umakhala ukukonzedwa masiku osachepera 600, kapena 730 ukakhala wa makilogalamu 7 kupita m'mwamba, choncho fungo lake limaposa la serrano yambiri. Koma mtengo wa kilogalamu umakhala wokwera kutali, ndipo kuiika mu sangweji ya tchizi kapena kuikazinga ndi kuwononga. Gulani kapaketi kamodzi pa Khirisimasi kapena kukabwera alendo, muidye yokha ndi buledi. Maina a Jabugo, Guijuelo, Dehesa de Extremadura ndi Los Pedroches okhala ndi chidindo chofiira ndi chachikasu cha DOP, choteteza dzina la dera limene nyama inachokera, ndi a nkhani ina, si a chakudya cha Lachiwiri m'mawa.

Palinso paleta, mwendo wakutsogolo. Ndi waung'ono, uli ndi fupa lalikulu lapaphewa ndi mafuta ambiri, ndipo umapsa msanga chifukwa mnofu wake ndi wochepa. Miyezi yake ndi ina: Bodega 5, Reserva 7, Gran Reserva 9, ndipo ya ibérico ndi masiku osachepera 365. Ndiye musayerekeze Reserva ya paleta ndi Reserva ya jamón ngati n'zofanana. Koma ikakhala yochekeratu m'paketi, paleta ndi malonda abwino, popeza fupa lija lachoka kale, mtengo wake ndi wotsika, ndipo nyama yoyandikana ndi fupa imakhala ndi fungo lamphamvu. Amene akufuna kulawa ibérico mosaboola thumba ayambire pa paleta de cebo. Zidutswa zake ndi zazing'ono ndiponso zimakhala ndi timitsempha, basi.

Tsopano tembenuzani paketi. Mndandanda wa zosakaniza ukhale waufupi: jamón de cerdo ndi sal, ndiye kuti nyama ndi mchere. Serrano yambiri ya m'masitolo imakhalanso ndi shuga pang'ono kapena dextrosa, ndi mankhwala oteteza E-250 ndi E-252, nthawi zina ndi E-301. Awiri oyambawo ndi nitrite ndi nitrate, amene amaletsa tizilombo toopsa kuswana ndiponso amasunga kufiira kwa nyama. Ndi ololedwa ndi lamulo, koma ngati pa mtengo wofanana pali ina yolembedwa nyama ndi mchere basi, tolani imeneyo. Imakhala yodera pang'ono, si vuto. Pa mzere wa mchere mupeza magalamu 4 mpaka 6 pa magalamu 100 alionse. Mapaketi awiri akafanana miyezi, sankhani ya mchere wochepa. Kachidindo kozungulira ngati dzira kokhala ndi zilembo ES kamasonyeza kuti fakitale yomaliza kuigwira ili ku Spain. Mukaona zilembo za dziko lina, ndiye kuti inachekedwa kapena kupakidwa kumeneko.

Maso nawonso agwire ntchito. Mnofu ukhale wofiira moderako ndipo mtundu wake ukhale umodzi chidutswa chonse. Wotuwa ngati wa nyama ya pabutchala ndi wosakhwima. Mafuta a m'mphepete akhale oyera kapena otuwira pang'ono ku pinki. Achikasu kwambiri ndi amene agwidwa ndi mphepo nthawi yaitali, amawawa ndipo amakanda pakhosi. Musathawe mafuta oyerawo. Anthu ambiri amasankha paketi yofiira yokhayokha poganiza kuti apeza nyama yambiri, koma imeneyo ndiyo imakhala youma ndi yamchere, chifukwa kawirikawiri imachokera ku mbali yowonda ya mwendo. Timadontho toyera tolimba mumnofu tisakuopseni. Si chuku ndiponso si mchere, ndi tyrosine, imene imaundana mapuloteni akaphwanyika kwa miyezi yambiri, ndipo imadyedwa. Zoyenera kusiya pa shelefu ndi paketi yokhala ndi madzi pansi, yofufuma, kapena ya vakyumu imene pulasitiki yake yalekana ndi nyama, kusonyeza kuti mpweya walowa.

Mtengo wolembedwa ndi manambala akuluakulu ndi wa paketi, ndipo mapaketi salemera mofanana: ena magalamu 70, ena 80, 100, 120 kapena 200. Woona ndi uja wa tizilembo tating'ono pa shelefu, wa kilogalamu kapena wa magalamu 100. Tiyerekeze kuti paketi ya magalamu 70 ili pa mapaundi 2, ina ya magalamu 120 pa mapaundi 3. Yoyambayo ikuoneka yotchipa, koma kilogalamu yake ndi mapaundi 28 ndi theka, pomwe yachiwiriyo ndi 25. Nyama ya dzina la sitolo yomweyo musaiderere. Masitolo ambiri alibe mafakitale a jamón, amaitanitsa kwa makampani akuluakulu a nyama. Mercadona, mwachitsanzo, yakhala ikutenga yambiri kwa Incarlopsa ya ku Tarancón. Ya dzina la sitolo yolembedwa miyezi 14 imaposa ya dzina lotchuka yosalembedwa miyezi.

Mapaketi alipo a mitundu iwiri. Ya vakyumu imakhala yothinana, imasunga nthawi yaitali, koma zidutswa zimamatirirana. Ina imakhala ngati kambale kotsekedwa ndi mpweya woteteza, zidutswa zili zolekanitsidwa ndi timapepala ta pulasitiki. Iyi ndi yosavuta m'mawa wa changu, koma imauma msanga ikatsegulidwa. Ngati m'nyumba muli anthu awiri okha, bola mapaketi awiri ang'onoang'ono omatana kusiyana ndi imodzi yaikulu. Yocheka ndi mpeni, imene amalemba a cuchillo, ndi yokwera mtengo chifukwa mukulipira dzanja la munthu, ndipo pa serrano ya buledi yocheka ndi makina ndi yokwanira. Ku Spain komweko, sitolo ikakhala ndi kauntala ya nyama, kuitanitsa magalamu 100 kapena 150 oti akuchekereni pomwepo kumaposa paketi iliyonse, ndipo mutha kupempha kuti acheke mopyapyala.

Yophikira musagule ya zidutswa zokongola. Pali taquitos, timabulu ting'onoting'ono, ndi virutas, zotsalira pocheka, zimene zimachokera kumalo ovuta kucheka monga pafupi ndi fupa ndi kumsongolo. N'zotsika mtengo ndipo zili ndi fungo lamphamvu. Magalamu 50 amakwanira mazira anayi, kapena poto wa nsawawa, kapena mpunga wa anthu anayi. Chinsinsi chake ndi kuziika kumapeto, mphindi imodzi kapena ziwiri musanaphule, chifukwa zikakhalitsa pamoto madzi otsalawo amachoka, zimalimba, mchere n'kuwirikiza. Ndipo musathire mchere m'ndiwomo musanalawe. Masitolo a ku Spain amagulitsanso mafupa a jamón odula kale. Chidutswa chimodzi cha fupa mu poto wa nyemba za theka la kilogalamu chimasintha msuzi wonse. Yambani mwaliwiritsa palokha mphindi zisanu n'kutaya madziwo, mupalenso mafuta achikasu, apo ayi msuzi udzawawa.

Nanga mwendo wathunthu? Nyengo ya Khirisimasi Lidl ndi Aldi amagulitsa mwendo wa serrano wa makilogalamu 6 ndi theka kapena 7, uli m'bokosi pamodzi ndi chogwirira chathabwa ndi mpeni wautali, ndipo mtengo wa kilogalamu umaoneka wotsika modabwitsa. Werengerani bwino. Fupa, chikopa, chiboda ndi mafuta akunja zimatenga pafupifupi theka la kulemerako, ndipo pa paleta zimaposa theka. Tiyerekeze kuti mwendo wa makilogalamu 7 uli pa mayuro 60. Nyama yodyeka ikhala pafupifupi makilogalamu 3 ndi theka ngati wochekayo ali ndi luso, ndiye kilogalamu yeniyeni ndi mayuro 17 kapena kuposa, osati 8 ndi theka. Ndiye pali funso la nthawi. Anthu awiri odya magalamu 30 aliyense katatu pa sabata amamaliza magalamu 180 okha, ndipo mwendowo ungawatengere miyezi inayi ndi theka, pomwe ukayamba kuchekedwa umafuna kutha m'mwezi umodzi kapena kupitirira pang'ono. Mwendo wathunthu ndi wa banja lalikulu, phwando, kapena mabanja awiri osonkherana. Kwa ena onse, chidutswa chochotsa fupa cha kilogalamu imodzi, chimene amachitcha centro kapena taco, ndicho chanzeru.

Ngati mwagula ndithu, kayambidwe kake kali ndi nzeru yake. Mwendo uli ndi mbali yonenepa, maza, ndi mbali yowonda, babilla. Ngati mudya pang'onopang'ono, umangeni pa chogwirira chiboda chitaloza pansi kuti muyambe ndi babilla, chifukwa ndi imene imauma msanga. Ngati ndi phwando, chiboda chiloze m'mwamba, muyambe ndi maza. Sendani chikopa ndi mafuta achikasu pamalo okhawo amene mucheke tsiku limenelo. Kusenda mwendo wonse tsiku loyamba ndiko kulakwitsa kofala, ndipo pakatha sabata nyama yonse imakhala gwa. Mpeni ukhale wakuthwa, ugone chafulati, zidutswa zikhale zazifupi masentimita 4 kapena 5 ndi zopyapyala moti mpeni uzionekera pansi pake. Dzanja losagwira mpeni lizikhala kumbuyo kwa mpeniwo nthawi zonse, osati kutsogolo kumene ukulowera, chifukwa ukaterereka pa mafuta umacheka kwambiri. Mukamaliza, phimbani pochekapo ndi zidutswa za mafuta oyera zimene munasenda, pamwamba kansalu koyera ka thonje.

Mwendo suikidwa m'filiji. Umafuna malo ouma, ozizira bwino, opita mphepo, kutali ndi chitofu, chotenthetsera m'nyumba ndi dzuwa la pawindo. Uchotseni m'pulasitiki tsiku lomwe mwafika nawo, chifukwa umachita thukuta n'kuyamba chuku. Chuku choyera kapena chotuwa pa chikopa si choopsa, pukutani ndi kansalu konyowetsa mafuta ophikira. Kafumbi kofiirira kogwera pa thabwa, kooneka ngati kakuyenda, ndi tinthata tating'ono timene timakonda nyama youma pamalo a chinyontho. Tikakhala pamwamba pokha, palani pamalopo n'kupaka mafuta ophikira otentha, koma tikalowa m'ming'alu yozungulira fupa mwendowo wawonongeka. Fungo lowola lochokera pafupa mukacheka mozama ndi chizindikiro choti mchere sunafike mkati nthawi yake, ndipo umenewo ndi wobweza kusitolo ndi lisiti, osati wochotsa powolapo n'kudya kwinako. Kumalo otentha ndi a ntchentche zambiri mwendo wathunthu ndi wovuta kusunga, bola ya m'mapaketi.

Jamón yotchipa imakoma bwino ikadyedwa isali yozizira. Mafuta ake akazizira amalimba ngati kandulo ndipo fungo silituluka, mumangomva mchere. Tulutsani paketi m'filiji mphindi 20 kapena 30 musanadye. Mukafulumira, ikani paketi ya vakyumu yosatsegula m'madzi ofunda, osati otentha, kwa mphindi imodzi, ndipo zidutswa zidzalekana zokha osang'ambika. Yafika podyeka mafuta akayamba kuwala ndi kuonekera. Ku Catalonia amapaka tomato wakupsa pa buledi wowotcha, kudontheza mafuta a olive, n'kuyala jamón pamwamba, osathiranso mchere. Amaidyanso ndi vwende lotsekemera, ndipo papaya kapena mango okhwima bwino amagwira ntchito yomweyo yoziziritsa mchere. Yotsala ikulungeni bwino kuti mpweya usalowe, ibwerere m'filiji, ithe m'masiku awiri kapena atatu. Kuiika mufiriza n'kotheka, koma ikasungunuka imakhala yoyenera kuphikira basi.

Mawu oti tsiku ndi tsiku asatipusitse pa kuchuluka kwake. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku. Magalamu 50 a jamón, zidutswa zitatu kapena zinayi za makina, ali kale ndi theka la mlingowo. Kwa amene ali ndi BP kapena vuto la impso, imeneyi si nkhani yaing'ono. Mu 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa, IARC, inaika nyama zonse zosungidwa ndi mchere, utsi kapena mankhwala m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa khansa ya m'matumbo, ndipo inati kudya magalamu 50 tsiku lililonse kumakweza chiopsezocho ndi 18 pa 100 alionse. Jamón ili m'gulu limenelo, yodula ndi yotchipa yomwe. Magalamu 25 kapena 30 kawiri kapena katatu pa sabata ndi mlingo wabwino, ndipo apa ndi pamenenso Reserva imapambanira: zidutswa ziwiri zake zimakometsa buledi amene ya miyezi 7 ingafune zinayi. Amayi oyembekezera akumbukire kuti nyamayi ndi yosaphika. A NHS, bungwe la zaumoyo ku Britain, amalangiza kusamala ndi nyama zotere chifukwa cha toxoplasmosis, matenda a tizilombo amene angavulaze mwana wosabadwa, pokhapokha itaphikidwa mpaka kupsa.

Chomaliza ndi cha apaulendo. Mu April 2025 boma la Britain linaletsa apaulendo ochokera m'maiko a European Union kulowa ndi nyama ya nkhumba, ng'ombe, nkhosa kapena mbuzi m'zikwama zawo, ngakhale ya vakyumu kapena yogula pabwalo la ndege, pofuna kupewa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ziweto. Musanagule ku Madrid kapena Málaga kuti mupite nayo ku London, onani ngati lamulolo lasintha. Kupita nayo kumudzi nakonso si kongonyamula. Kachilombo ka chigodola cha nkhumba, matenda amene alimi a ku Malawi ndi Zambia amawadziwa bwino, kamatha kukhala ndi moyo miyezi ingapo mu nyama youma ndi mchere, n'chifukwa chake maiko amafuna chilolezo cha a zaziweto nyama ya nkhumba isanadutse malire. Funsani ku ofesi ya zaziweto ya dziko limene mukupita musanalipire, ndipo makoko ndi mafupa a nyama yochokera kunja asaperekedwe kwa nkhumba za pakhomo.